MLIMI AKALUMALA, KODI CHITHANDIZO CHA BOMA CHIMAFIKA LITI?

Alimi anzanga, poyendera makalabu ndi misika yathu ndakhala ndikufunsidwa funso limodzi kawirikawiri. Funsolo ndi ili: "Alangizi, munthu akalumala, pamapita nthawi yaitali bwanji kuti ayambe kulandira ndalama za Boma?" Ena amafunsa chifukwa bambo wa pakhomo anagwa pa ngolo nathyoka msana. Ena amafunsa chifukwa mayi anafa ziwalo mbali imodzi, kapena maso anachita khungu. Funsoli ndi lathu ife alimi, pakuti kalembera wa m'chaka cha 2018 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu khumi alionse a zaka zisanu kapena kuposerapo ali ndi ulumali wina wake, ndipo ambiri a iwo ali m'midzi momwe chakudya chimachokera ku khasu.

Yankho lake ndi lakuti nthawiyi siiwerengedwa m'masabata ayi. Ingathe kukhala miyezi yambiri, ingathe kukhala zaka, ndipo mabanja ena sasankhidwa konse. Motero munda wanu usagone chifukwa chodikira.

ZOMWE NDINAONA PA MUDZI WINA

Chaka china, m'mwezi wa Okutobala, mlimi wina wa mtedza ndi chimanga m'dera langa anapondedwa mwendo ndi ngolo yake. Kuchipatala anaudula mwendowo. Atabwerera kumudzi, achibale anamuuza kuti asadandaule, popeza tsopano ndi wolumala Boma liyamba kumulipira mwezi ndi mwezi. Iye anakhulupirira. Anabwereketsa maekala awiri kwa munthu wina kwa zaka zitatu pa mtengo wochepa, ndipo ekala imodzi yotsalayo sanaigalauze. Mvula inagwa, anzake anabzala, iye anali kudikira. Pofika Febuluwale m'nkhokwe munalibe kanthu, ana analeka sukulu nayamba maganyu, ndipo ndalama ya Boma inali isanaoneke. Palibe amene anamubera kapena kumuiwala. Chomwe chinalipo ndi chakuti sanadziwe m'mene chithandizocho chimayendera.

MTUKULA PAKHOMO AMAYENDA BWANJI?

Ndalama zomwe anthu ambiri amanena ndi za Mtukula Pakhomo. Ntchitoyi inayamba m'chaka cha 2006 m'boma la Mchinji, ndipo pofika 2018 inali itafika m'maboma onse 28 a dziko lino. Choyamba kudziwa ndi chakuti Mtukula Pakhomo si malipiro a ulumali. Munthu sapita ku ofesi ndi kalata ya dokotala n'kuyamba kulandira mwezi wotsatira. Amene amasankhidwa ndi banja lonse, osati munthu payekha.

Kuyambira pachiyambi, mabanja ofunika anali ovutikitsitsa amenenso alibe anthu okwanira ogwira ntchito. Ili ndi banja lomwe mulibe munthu wamphamvu wa zaka za pakati pa 19 ndi 64, kapena lomwe munthu mmodzi wamphamvu akusamala anthu oposa atatu, monga ana, okalamba, odwala matenda amgonagona ndi aulumali. Chiwerengero chinaikidwa pa mabanja khumi mwa mabanja 100 alionse. Ndondomeko ya Boma ya zaka za 2022 mpaka 2027 ikufuna kuti okalamba, aulumali ndi ana aang'ono aziganiziridwa kwambiri posankha, komabe malo ndi owerengeka. Chotero banja lingathe kukhala ndi munthu waulumali koma osalowa, ngati pali mabanja ena ovutika kuposa ilo.

Kusankhako kuli ndi masitepe ake. Alembi amayenda khomo ndi khomo kulemba za banja lirilonse: anthu alimo, nyumba, ziweto ndi katundu. Zolembedwazo zimalowa mu kaundula wa Boma, ndipo mabanja amandandalikidwa kuyambira ovutikitsitsa. Kenaka maina amawerengedwa pa msonkhano wa m'mudzi kuti anthu avomereze kapena atsutse. Akavomerezedwa ku ofesi ya DC, mabanja osankhidwawo amalembetsa, ndipo pambuyo pake m'pamene ndalama zimayamba kubwera, pamanja kapena kudzera pa foni ndi ku banki. Zonsezi zimadya miyezi ingapo.

Koma chomwe chimatalikitsa nthawi kwenikweni ndi ichi: kulemba sikuchitika chaka ndi chaka. Dongosolo lake ndi lakuti kusankha kwatsopano kuzichitika pakapita zaka zinayi, ndipo nthawi zina zimapitirira pamenepo. Tsono ngati ngozi yakugwerani alembi atangodutsa kumene m'mudzi mwanu, mungathe kukolola kawiri kapena katatu asanabwerenso. Dziwaninso kuti ndalamazo ndi zongothandizira kugula chakudya, sopo ndi zofunika za ana a sukulu. Sizingalowe m'malo mwa nkhokwe.

NANGA ZA KU JONI ZIJA?

Ambiri amasokonezeka ndi nkhani zomwe amamva kwa abale ochokera ku South Africa. Ndi zoona kuti kumeneko kuli malipiro a ulumali operekedwa ndi bungwe la Boma lotchedwa SASSA. Munthu wa zaka 18 mpaka 59 amapimidwa ndi dokotala, nkulemba mafomu, ndipo yankho lingathe kutenga mpaka miyezi itatu. Akavomerezedwa amalipidwa kuyambira tsiku lomwe anapereka mafomuwo. M'chaka cha 2024 ndalamazo zinali zoposa R2,000 pa mwezi. Koma malipirowa ndi a nzika za dzikolo, anthu okhala ndi chilolezo chokhazikika, ndi othawa kwao ovomerezeka amene akukhala m'dzikomo. Mwana wanu amene anapita kukagwira maganyu ku Johannesburg wopanda mapepala otere, akavulala nabwerera kumudzi, asayembekezere ndalama zimenezi.

OVULALA PA NTCHITO

Amene wavulala ali pa ntchito yolembedwa, monga pa esiteti ya tiyi, ya fodya kapena ya nzimbe, nkhani yake ndi ina. Pali lamulo la m'chaka cha 2000 lonena za chipukuta misozi cha ovulala pa ntchito. Ngozi ikachitika dziwitsani abwana anu msanga, pitani kuchipatala, sungani mapepala onse, ndipo kaoneni a ku ofesi ya Leba ya m'boma lanu. Musachedwe, chifukwa nkhani zotere ziri ndi malire a nthawi. Nazonso sizitha tsiku limodzi, popeza dokotala ayenera kuyamba waona kuti bala lapola ndi kuti munthuyo walumala motani. Lamuloli silikhudza mlimi amene wavulala m'munda mwake momwe.

ZOYENERA KUCHITA MSANGA

Musakhale chete pakhomo. Pemphani kalata ya kuchipatala yonena za ulumaliwo. Onetsetsani kuti chiphaso cha unzika chiripo ndipo maina ake ndi olondola, pakuti dzina likasiyana pa mapepala ndalama zimachedwa. Dziwitsani a nyakwawa ndi a komiti ya Mtukula Pakhomo ya m'dera lanu, kuti tsiku lomwe alembi adzabwere khomo lanu lisadzadumphidwe. Kaonekereninso ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma. Bungwe lomwe tinkalidziwa kuti MACOHA kuyambira 1971 tsopano ndi MACODA, kutsatira lamulo latsopano la anthu aulumali la m'chaka cha 2024, ndipo kumeneko mungafunse za maphunziro a ntchito zamanja ndi kumene kumapezeka ndodo kapena njinga. Chithandizo cha chimanga cha nthawi ya njala chimalembedwa pachokha chaka chomwe kwaoneka njala, choncho funsani za ichonso. Kulembetsa konseku ndi kwaulere. Wina akakuuzani kuti mumupatse nkhuku kapena ndalama kuti dzina lanu lifulumire, ameneyo ndi wakuba.

MUNDA USAGONE

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Chanu chenicheni ndi munda, ndipo mvula siidikira mapepala. Khalani pansi ndi banja lanu muone kuti manja otsalawo angathe kusamala malo aakulu bwanji. Theka la ekala lobzalidwa ndi mvula yoyamba, lopaliridwa m'masabata atatu oyambirira ndi kuthiridwa manyowa kapena feteleza pa nthawi yake, limapereka chimanga chochuluka kuposa maekala awiri odyedwa ndi udzu.

Pa malo otsalawo bzalani mbeu zosafuna ntchito yambiri nthawi imodzi. Chinangwa chimakhala m'nthaka mpaka mutachifuna. Mbatata ikayanga imaphimba udzu yokha. Nandolo mungamubzale pamodzi ndi chimanga, ndipo amakupatsani ndiwo, nkhuni ndi ndalama pang'ono. Kuphimbira nthaka ndi mapesi kumachepetsa ntchito yopanga mizere chaka ndi chaka. Nkhuku, mbuzi ndi dimba la pafupi ndi nyumba ndi ntchito zomwe munthu wovutika kuyenda angathe kuziyang'anira bwino lomwe. Kusankha mtedza, kusoka fodya ndi kulemba mabuku a kalabu sizifuna miyendo.

Pewani zinthu zitatu zomwe zimagwetsa mabanja pa nthawi yodikirayi. Musatenge katapira poganiza kuti mudzabweza ndi ndalama za Boma. Musagulitse mbeu zikadali m'munda. Musabwereketse munda kwa zaka zambiri. Ngati kuli kofunika kutero, chitani kwa chaka chimodzi, pamaso pa a nyakwawa, ndipo polembedwa. Nthawi yogulitsa ikakwana, tumani munthu wokhulupirika ku msika, aone yekha sikelo ndipo abwere ndi lisiti.

MAU KWA MAKALABU

Inu atcheya ndi alembi a makalabu, membala wanu akalumala musamufufute m'buku. Mutu umodzi susenza denga. Makolo athu anali ndi dima, ndipo anthu khumi angathe kumaliza kupalira theka la ekala m'mawa umodzi. Ikani tsiku lotero pa ndondomeko ya kalabu mvula isanayambe. Poitanitsa mbeu ndi feteleza muwerengereni nayenso, ndipo potumiza ngolo ku msika matumba ake akwere nawo.

Mlimi wa mtedza uja, chaka chachiwiri a kalabu yake anamulimira ekala yotsala ija, iye nagwira ntchito yosenda ndi kusankha mtedza ali pa mkeka. Ana anabwerera ku sukulu dzina lake lisanawerengedwe pa msonkhano uliwonse. Ngati muli ndi mafunso ena, funsani mlangizi wa m'dera lanu. Lembetsani, sungani mapepala anu pouma, ndipo mizere ikhale itatha mvula yoyamba isanagwe.