Phwando la Jól

Ku Norway mwezi wa December dzuwa lioneka maola owerengeka okha, ndipo kumpoto kwenikweni silituluka konse. Pakati pa nyengo yozizira imeneyi makolo a kumeneko anali kucita phwando la masiku atatu lochedwa Jól. Anali kupha ng'ombe ndi akavalo, nawaza mwazi pa zipupa za kacisi, namwa mowa pochula Odin kuti apambane pa nkhondo, ndi Njord ndi Freyr kuti apatsidwe dzinthu ndi mtendere.

Mfumu Haakon, Mkristu, amene anafa ca m'ma 961, inacenjera: sinaletse phwandolo, koma inalisunthira pa Khrisimasi, nilamula kuti wosafulula mowa alipe. Nsembezo zinatha kalekale, koma kufikira lero Khrisimasi kumeneko aicha Jul.