Kudzutsa Wotchi Yakale Yapamkono

M'masutikesi a m'midzi yambiri mukugona mawotchi amene abambo ndi agogo adabwera nawo kuchokera ku migodi ya ku Johannesburg. Ambiri adaleka kuyenda kalekale, ndipo eni ake amati adafa. Komatu wotchi yochita kupukusa, yopanda batire, siifa msanga chotero. Kaŵirikaŵiri chimene chimaiimitsa ndi mafuta amene adauma m'kati mwake.

M'wotchi yotere muli sipuling'i yokulungidwa imene imasunga mphamvu munthu akapukusa. Mphamvuyo imadutsa m'timawilo ta mano mpaka kukafika pa kawilo kamene kamagunda ngati mtima. M'mawotchi ambiri akale kawiloko kamagunda kasanu pa sekondi, ndiko kuti ka 18,000 pa ola limodzi. Nsonga za timawilo zimazungulira m'timiyala tofiira topangidwa ku fakitale, ndipo ndito timene timaŵerengedwa pamene wotchi yalembedwa kuti "17 jewels".

Mafuta akauma amasakanizika ndi fumbi nasanduka phala limene limadya chitsulo. Chotero kuikakamiza wotchi kuti iyende ndiko kuipweteka. Choipa koposa ndicho kutsanuliramo palafini kapena mafuta a makina osokera, monga achitira ena. Mafutawo amamata kasipuling'i kena, kopyapyala ngati tsitsi, kamene kamalamulira kugunda kuja, ndipo wotchi imayamba kuthamanga kapena kuima kumene.

Mmisiri wodziŵa ntchito yake amamasula kachitsulo kalikonse, nakatsuka, nakayang'anitsitsa ndi galasi lokuza zinthu, kufunafuna dzimbiri ndi mano othyoka. Pomanganso, mafuta amawadontheza ndi nsonga ya kawaya, kadontho kovuta kukaona ndi maso. Vuto limakhala pa zitsulo zoloŵetsa m'malo mwa zowonongeka. Kampani ya Seiko ya ku Japan itatulutsa wotchi yapamkono ya quartz m'chaka cha 1969, mafakitale ambiri a ku Switzerland adatsekedwa m'zaka zotsatira. Motero mmisiri nthaŵi zina amaphwasula wotchi ina ya mtundu womwewo kuti apulumutse inzake.

Nkhope ya wotchi ndiyo ifunika kusamala kwakukulu. Mpaka m'zaka za m'ma 1960, manambala ndi mivi ya mawotchi ambiri ankaipaka utoto woŵala usiku wokhala ndi radium. Utotowo ungaleke kuŵala, koma ululu wa radium umakhalapobe, pakuti pamapita zaka 1,600 kuti mphamvu yake itsike ndi theka. Ku America, m'zaka za m'ma 1920, atsikana opaka utotowu, amene ankasongola burashi ndi milomo, adadwala nsagwada ndipo ena adamwalira. Kupala nkhope yotere kuti ioneke yatsopano ndiko kumwaza fumbi loopsa m'nyumba. Mmisiri wanzeru amaisiya ndi chikasu chake, nangosintha galasi losweka.

Akatha zonsezi amaisunga wotchiyo masiku angapo, akuipukusa m'maŵa uliwonse, kuigoneka chagada lero, chammbali maŵa, ndi kuiyerekeza ndi nthaŵi ya pa wailesi. Ikamangotsalira kapena kutsogola ndi mphindi imodzi pa tsiku, amaitana mwini wake kuti adzaitenge.