DALE CHIHULY, MMISIRI WA GALASI

Aphunzitsi ndi ana a sukulu, ambiri a ife galasi timalidziwa ngati botolo, zenera kapena kalilole. Koma kuli anthu ena amene amaliumba monga momwe amai athu amaumbira mbiya, osati kuti atungiremo madzi ai, koma kuti maso a anthu akondwere. Mmodzi wa iwo ndi Dale Chihuly, amene anabadwira mu mzinda wa Tacoma, ku America, m'caka ca 1941.

Poyamba timvetse nchito yeniyeniyo. Galasi amalipanga ndi mcenga woyera, soda ndi laimu. Zitatuzi amazitentha m'ng'anjo kupitirira madigiri 1,000 kufikira zitasungunuka ndi kukhala ngati uci. Mmisiri amatenga paipi yaitali ya citsulo, naiviika m'ng'anjomo, natapa nayo phala lamotolo. Kenaka amauzira mpweya ku mbali inayo ya paipi, ndipo galasi limatupa ngati baluni. Paipi iyenera kuzungulira kosalekeza, cifukwa ikaima galasi limayenderera pansi. Likayamba kuuma amalibwezera ku moto. Cinthu cikatha kuumbidwa sacisiya pa mphepo. Amaciika m'ng'anjo ina kuti cizizire pang'onopang'ono kwa maola ambiri, kupanda kutero cimang'aluka. Mwaona tsono kuti nchito iyi ifuna maso akuthwa, mapewa olimba ndi manja acangu. Zitatuzi musaziiwale.

Chihuly sanayambe ndi galasi. Pa yunivesite ya Washington anaphunzira za kukongoletsa m'kati mwa nyumba, ndipo pophunzira kuomba nsalu anayamba kulukira tizidutswa ta galasi m'nsalu zacezo. Mu 1965 anasungunula galasi m'cipinda ca pansi pa nyumba, naliuzira ndi paipi, ndipo linatupa. Mtima wace unagwa pomwepo. Pofuna ndalama za sukulu anakagwira nchito ya usodzi ku Alaska, pambuyo pace nakaphunzira kwa Harvey Littleton ku Wisconsin.

Cimene cinamtsegula maso anakacipeza ku Italy mu 1968. Pafupi ndi mzinda wa Venice pali cilumba ca Murano, kumene amisiri akhala akuumba galasi kwa zaka mazana ambiri. Pa fakitale ya Venini kumeneko anaona kuti cinthu cimodzi saciumba munthu mmodzi. Wina atapa galasi m'ng'anjo, wina auzira, wina abweretsa kacidutswa kolumikiza, pamene mkulu wa gulu ali pa mpando wace kuongola maonekedwe. Ku America masiku amenewo amisiri ocepa a galasi ankagwira aliyense payekha. Chihuly anabwerera kwao ndi nzeru ya gulu, ndipo mu 1971 iye ndi anzace anatsegula sukulu ya galasi ya Pilchuck, m'nkhalango ya kumpoto kwa mzinda wa Seattle.

Tsoka linamgwera mu 1976. Ali ku England anacita ngozi ya galimoto, ndipo diso lace la kumanzere linafa. Inu ana, tsekani diso limodzi, muyese kukhudzitsa nsonga za mapensulo awiri. Mudzaphonya, pakuti diso limodzi silidziwa bwino kutalika kwa cinthu. Ganizani tsono za munthu wotero atanyamula galasi lamoto pakati pa anzace.

Sanaleke. Mu 1977 anaona madengu akale a eni dziko a ku America m'nyumba yosungiramo zakale ku Tacoma, atapindika ndi ukalamba. Amisiri ena ankalimbana ndi galasi kuti likhale loongoka mbali zonse. Iye analilola kupendama ndi kulemera kwace monga madengu aja. Ine ndiona kuti apa ndi pamene anapeza njira yaceyace. Koma mu 1979 phewa lace linaguluka akusewera ndi mafunde pa nyanja, ndipo paipi inamkanika.

Apa ndipo nzeru ya ku Murano inamuombola. Anapereka paipi kwa anyamata ace, iye naima pambuyo. Cimene afuna amacijambula pa pepala ndi utoto, ndipo galasi likadali lofewa amauza anzacewo pozungulira, potambasula ndi polekera. Ataima patali cotero ankaona cinthu conse, cimene wogwira paipi sangathe.

Alipo amene amafunsa kuti, kodi cinthu cimene munthu sanacigwire ndi manja cingachedwe cace? Funso ili silopusa, ndipo aphunzitsi mungakambirane ndi ana m'kalasi. Kwa ine, wotsogolera kwaya saimba mau onse, koma tikamcotsa nyimbo imamwazika. Komabe nkoyenera kukumbukira kuti thukuta la pa ng'anjo ndi la amisiri ena, amene maina ao samveka kawirikawiri.

Ndi gulu, Chihuly anatha kupanga zinthu zimene munthu mmodzi sangazinyamule nkomwe. Denga la hotela ya Bellagio ku Las Vegas analikuta mu 1998 ndi maluwa a galasi okwana ngati 2,000. Zaka ziwiri izi zisanacitike, mu 1996, anabwerera ku Venice ndi zolendewera 14 zonga mikoko ya nthoci, zimene zigawo zace anaziumba ndi amisiri a ku Finland, Ireland ndi Mexico, naziimika m'mabwalo ndi m'mbali mwa ngalande za mzinda umene unamphunzitsa.