Madzi a Msewu Akagwera M'munda wa Mwini

Mvula yoyamba ikangogwa, mkangano wa mlimi ndi msewu umayambira pa ngalande. Mlimi amaunga mizere yake mpaka kukafika m'mphepete mwa tala, ndipo akaona kuti ngalande ikulavulira madzi m'chimanga chake, amaitseka ndi miyala, mapesi kapena thumba la mchenga. Madziwo amabwerera mumsewu n'kumalowa pansi pa tala, ndipo pofika Malichi pamakhala dzenje loti minibasi izichita kuzemba. Ambiri amaloza chala mlimi yekhayo. Ine ndikuti malire a msewu amamanga onse awiri, mlimi ndi womanga msewu yemwe.

Lamulo la misewu la dziko lino, Public Roads Act, limapatsa msewu waukulu ngati M1 malo a mamita 60 m'lifupi, kutanthauza mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati pa msewu. Misewu ing'onoing'ono ili ndi malo ocheperapo. Tala lenilenilo limangotenga kachigawo kochepa, ndiye n'chifukwa chake munthu akaona tchire lotsalalo amati malo akungogona. Komatu m'menemo ndi momwe mumadutsa ngalande, ndi momwe dalaivala amaonera patali pokhota, ndiponso ndi momwe msewu udzakulire mtsogolo. Wobzala mbatata kapena kumanga okala m'menemo asadabwe giledala ikadzasalaza. Wina anena kuti munda ndi wa makolo ake, msewu unachita kuupeza. Nthawi zambiri amanena zoona, ndipo malamulo sanamuiwale: gawo 28 la malamulo aakulu a dziko limaletsa kulanda katundu wa munthu mwachisawawa, pamene gawo 44 limati boma likafuna malo pa ntchito yothandiza anthu onse, liyenera kuchenjeza mwini wake nthawi ilipo, kumupatsa chipukuta misozi choyenera, ndi kumusiyira mwayi wokadandaula kukhoti. Woyenera chipukuta misozi ndi amene msewu wamulowera m'munda. Amene wachita kulowera yekha mumsewu alibe poyambira.

Pamene pavuta kwenikweni ndi kuseri kwa mamita 30 aja. Madzi saiwala khwawa, ndipo sadziwa bikoni. Mvula yomwe kale inkalowa m'nthaka pang'onopang'ono pamtunda ponse, tsopano ngalande imaisonkhanitsa n'kukaitulutsira pa kalavati imodzi ndi mphamvu. Kunsi kwa kalavatiyo kumayamba kangalande koti mwana n'kudumpha. Pakatha zaka zitatu kapena zinayi pamakhala chigwembe choonetsa mizu ya mango, dothi lachonde ndi feteleza wogula modula zitapita kudambo. Mwini munda ameneyo sanalowe malo a msewu ngakhale phazi limodzi. Kunena kuti apirire poti msewu ndi chitukuko n'kumusenzetsa yekha mtolo wa onse oyenda pamsewupo. Enanso amati ndalama zotetezera minda yonse sizingakwane. Koma kuwaka miyala pakamwa pa kalavati, kuchulukitsa tingalande topatutsa madzi kuti asachulukane malo amodzi, ndi kubzala vetiva kunsi kwake n'kotchipa poyerekeza ndi kumanganso msewu womwe chigwembe chaudya kuchokera pansi, pajatu chigwembe chimakula chobwerera kumtunda.

Mlimi amene munda wake ukukokoloka asatseke ngalande, chifukwa akatero mlandu umamutembenukira. Akanene kwa anyakwawa, apite nawo kukhonsolo ya boma, ndipo ngati ndi msewu waukulu nkhaniyo ifike ku Roads Authority kontrakitala asanasamutse makina ake. Nawo a misewu aimike zipilala zooneka kuti aliyense adziwe pothera malo a msewu, ndipo asanakumbe ngalande yolozera m'munda wa munthu, ayambe akhala pansi ndi mwini mundayo pamaso pa amfumu.