Chigamba cha pachigaza: titanium kapena pulasitiki?

Ndikamaphunzitsa za density ku Fomu 3, sipalephera kupezeka wofunsa kuti, "Aphunzitsi, zimenezi zidzatithandiza chiyani?" Lero ndiyankha ndi nkhani ya mutu wa munthu.

Pali chotupa chotchedwa meningioma chimene chimamera pa kachikopa kopyapyala kokuta ubongo. Nthawi zina chimalowerera mpaka m'fupa la chigaza, ndiye pochichotsa madokotala amadula ndi fupa lomwe. Pamatsala bowo longophimbidwa ndi khungu, moti kungogunda mutu pachitseko ndi ngozi yaikulu. Nawo mpweya wotizungulirawu umakankha khungulo n'kulilowetsa m'kati, wodwala n'kumamva mutu ndi chizungulire. Apa pafunika chigamba basi.

Vuto n'lakuti mitu yathu siyofanana, choncho aliyense amamupangira chake. Makina a CT scan amajambula mutu ndi X-ray m'magawo opyapyala ngati buledi wodula, kenako kompyuta imasanjikiza magawowo n'kupanga chithunzi cha chigaza chonse. Ngati bowo lili kumanzere, amatenga mbali yabwinobwino ya kumanja n'kuitembenuza monga limachitira galasi loonera nkhope. Reflection ija mumaijambula m'makope, ndi imeneyitu. Akapeza maonekedwe ake, makina amasema chigambacho kapena kuchiumba ndi 3D printer. Mu 2014, chipatala cha UMC Utrecht ku Netherlands chinalengeza kuti chaika chigaza cha pulasitiki chopangidwa motere kwa mayi wa zaka 22 amene fupa lake linkakhuthala n'kumapanikiza ubongo. Opaleshoniyo inatenga maola 23.

Nanga chigambacho chikhale cha chiyani? Density ya fupa lolimba ndi pafupifupi 1.9 g/cm³. Ya chitsulo wamba ndi 7.9, cholemeratu zedi. Ya titanium ndi 4.5, komanso titanium sachita dzimbiri m'thupi ndipo sakokedwa ndi maginito, choncho wodwala akhoza kulowa m'makina a MRI. Koma titanium amadutsitsa kutentha kuposa fupa, moti ena amamva kuzizira kapena kutentha pamalo a chigambacho. Amasokonezanso zithunzi za CT.

Pulasitiki wotchedwa PEEK density yake ndi 1.3, sadutsitsa kutentha kwenikweni, ndipo X-ray imamudutsa mosavuta. Kwa munthu amene anachotsedwa chotupa, mfundo yomalizayi ndi yaikulu, chifukwa chotupa chikhoza kuyambiranso, ndipo dokotala ayenera kuchiona msanga kuseri kwa chigambacho. Komabe PEEK ali ndi pofooka pake: fupa siligwirana naye bwino ngati mmene limachitira ndi titanium, ndiponso ndi wodula.

Tsono nayi ntchito yanu. Tiyerekeze kuti chigamba chili ndi volume ya 40 cm³. Werengerani mass yake chikakhala cha chitsulo wamba, cha titanium ndi cha PEEK. Mukatero mundiuze, ukanakhala mutu wanu, mukanasankha chiti, ndipo chifukwa chiyani?