Nkhuku yachikuda ya ku Kabwe ndi mtovu wa m'dothi

Ambirife timakhulupirira kuti nkhuku yachikuda ndiyo yabwino kuposa yachizungu, poti imadzipalasira yokha chakudya. Ku Kabwe, m'dziko la Zambia, chikhulupiriro chimenechi chikhoza kumudwalitsa munthu. Mgodi wa mtovu ndi zinki wa kumeneko, womwe atsamunda ankautcha Broken Hill, unagwira ntchito zaka pafupifupi 90 mpaka pamene unatsekedwa mu 1994, koma fumbi lake lidakali m'dothi la m'makomboni monga Kasanda, Chowa ndi Makululu. Nkhuku ikamapalasa pabwalo imameza dothi ndi timiyala tothandiza nthutumba kupera chakudya, ndipo mtovu umalowera pomwepo. Akatswiri a ku University of Zambia ndi a ku Hokkaido University ya ku Japan atapima nkhuku za m'tauniyi, anapeza kuti zongoyendayenda zinali ndi mtovu ndi cadmium wopitirira muyezo, makamaka m'chiwindi ndi mu impso, pamene za m'khola zodya chakudya chogula zinali ndi wochepa. Vuto tsono ndi dothi limene chiweto chikudyapo.

Ena anganene kuti ana a ku Kabwe amalandira mtovu wambiri popuma fumbi ndi posewera pansi, ndiye za nyama n'zazing'ono. Fumbi ndilodi njira yaikulu, koma thupi silisankha kumene mtovu wachokera. Limauunjika m'mafupa kwa zaka zambiri, ndipo bungwe la WHO limati ngakhale wochepa bwanji umavulaza, makamaka ubongo wa mwana. Komanso zam'kati, zomwe zimasunga poizoni wambiri, ndizo ndiwo zotchipa zimene mabanja osauka amakwanitsa kugula. Enanso amadalira moto, amvekere nyama ikapsa bwino palibe choopsa. Moto umapha tizilombo, koma mtovu suupsa; ukawiritsa nyama, wina umangotsikira mu msuzi umene mwana amanyowetsera nsima.

Kuuza anthu kuti asiye kuweta n'kuwalanda ndiwo ndi ndalama ya fizi nthawi imodzi, pomwe sindiwo anaipitsa dothilo. Woyeza nyama kumalo ophera ziweto naye sangathandize ndi maso okha: amaona zotupa ndi nyongolotsi, koma chiwindi cha mtovu chimatha kuoneka chofiira bwinobwino. Chofunika n'chakuti boma lizitenga ziwindi, impso, mazira ndi mkaka za m'madera a migodi n'kukazipima ku labotale kawirikawiri, zotsatira zake n'kuzilengeza poyera, kwinaku likukwirira milu ya zinyalala za mgodi imene mphepo ya m'chilimwe imaulutsira m'makomo mwa anthu.