Mliri sufunsa malire a boma

Kumapeto kwa mwezi wa Meyi mu 2020, mabasi ochokera ku South Africa anayamba kufika mondondozana pachipata cha Mwanza. Munali Amalawi omwe maganyu anali atawathera ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town, boma la kumeneko litalamula kuti aliyense abindikire m'nyumba poopa Covid-19. Anali atayenda usana ndi usiku kudutsa Zimbabwe ndi Tete, atathinana pamipando, mitima ili kumudzi.

Basi imodzi yokha inkanyamula anthu a maboma angapo. Kutsogolo wa ku Mangochi, pambali pake wa ku Machinga, kumbuyo a ku Mzimba ndi Nkhata Bay. Onsewo ankatsikira m'manja mwa khonsolo ya Mwanza, boma laling'ono lomwe chipatala chake sichinamangidwire chikhamu chotere.

Anthu oposa 400 anawapititsa kubwalo la masewero la Kamuzu ku Blantyre kuti akadikirire zotsatira atawayeza. Kumeneko anadandaula za chakudya, madzi ndi zimbudzi, ndipo mapeto ake anatuluka n'kubalalika. Kutacha anali m'maminibasi, aliyense kulowera kwawo, ena atanyamula kachilomboko osadziwa.

Kuyambira tsiku limenelo ntchito yowalondola inagwera makhonsolo. Mayina ankayenera kuchoka ku Mwanza ndi ku Blantyre kupita kwa mkulu wa zaumoyo wa boma lililonse, iye n'kuwapatsira mlangizi wa zaumoyo wa kudera, mlangiziyo n'kupalasa njinga kupita kwa nyakwawa kukafunsa kuti mwana wa uje wabwera ku Joni uja wafikira nyumba iti. Paliponse pomwe dzina linasochera panjira, kachilomboko kanapeza mpata.

Zitachitika zimenezi boma linayamba kulandirira obwererawa m'sukulu zosulira aphunzitsi monga za ku Machinga ndi Nalikule, komwe kunali zogona ndi mipopi. Koma phunziro la pabwalo la Kamuzu linali litamveka kale: khonsolo yomwe yalandira mlendo ndi khonsolo yomwe mlendoyo akukagona zikapanda kulankhulana, zonse ziwiri zagwa.

Nkhondo imamenyedwera pa boma

Pomwe anthu atatu oyamba ankapezeka ndi Covid-19 ku Lilongwe pa 2 Epulo 2020, dziko lino linali ndi makhonsolo 35: a maboma 28, a mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, komanso a matauni a Kasungu, Luchenza ndi Mangochi. Lamulo la maboma aang'ono la 1998, pamodzi ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu ya chaka chomwecho, linaika m'manja mwawo zipatala za maboma, sukulu za pulayimale, misika ndi ukhondo. Malamulo a mliri ankalengezedwa ku Lilongwe, koma woika ndowa ya mpopi pakhomo la msika, wothira mafuta mu ambulansi ndi wouza anamfedwa kuti thupi siligona m'nyumba anali wa kukhonsolo.

Pansi pa bwanamkubwa pali makomiti omwe anthu akumudzi amawadziwa bwino: a chitukuko a m'mudzi ndi a dera la mfumu yaikulu, komanso oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Makomitiwa anazolowera kusefukira kwa madzi ndi njala. Covid-19 inawapatsa ntchito yachilendo, yoletsa anthu zinthu zomwe Mmalawi amaziyesa umunthu: kupatsana moni wa pamanja, kuzonda wodwala, kugona pasiwa.

Tisaiwalenso kuti makhonsolowa anakhala opanda makhansala kuyambira 2005 mpaka 2014. Mliri unawapeza akadali kuphunzira kuyenda, ndipo unawapeza m'chaka cha chisankho chobwereza cha pa 23 Juni 2020, misonkhano ya ndale ili yodzaza.

Makhonsolo awiri, wodwala mmodzi

Ku Blantyre nkhani ya mgwirizano inaonekera poyera chifukwa kuli makhonsolo awiri. Ya mzinda imayang'anira misika, zinyalala, manda ndi ziphaso za malo omwera mowa. Ya boma ndiyo imayendetsa zipatala zing'onozing'ono monga za Ndirande, Limbe, Bangwe, Zingwangwa ndi Chilomoni, ngakhale zili mkati mwa mzinda. Blantyre alibe chipatala cha boma chakechake, choncho wodwala akathinidwa amapita ku Queen Elizabeth, chipatala chachikulu chomwe chili pansi pa unduna wa zaumoyo.

Tiyerekeze mayi wogulitsa tomato mumsika wa Limbe yemwe wayamba kubanika. Benchi lake lili m'manja mwa khonsolo ya mzinda, omuyeza ndi a khonsolo ya boma, mpweya wa okisijeni akaupeza kuchipatala cha unduna, pomwe iye amagona ku Chiradzulu kapena ku Bvumbwe m'boma la Thyolo, komwe kuli ana ndi anansi ofunika kuwalondola. Maofesi anayi pa munthu mmodzi. N'chifukwa chake makomiti a mliri a m'maboma anayamba kukhalira pamodzi azaumoyo, apolisi, amaphunziro, mafumu, azipembedzo ndi mabungwe omwe si aboma, kuti aliyense adziwe gawo lake.

Misika ya m'malire ndiyo inavuta koposa. Pa Lizulu amakumana a ku Ntcheu, a ku Dedza ndi a ku Mozambique omwe amangodumpha msewu wa M1. Pa Jenda amakumana a ku Mzimba, a ku Kasungu ndi a ku Zambia. Mavenda a kaunjika amayenda ndi masiku a msika, lero boma ili, mawa linalo. Khonsolo imodzi ikakhwimitsa malamulo inzake n'kulekerera, chikhamu chimangosamukira tsidya lina, n'kubwerako madzulo ndi matenda omwewo.

Njala inaposa mantha

Boma la Peter Mutharika litalengeza kuti anthu abindikire masiku 21 kuyambira pa 18 Epulo 2020, mavenda a ku Blantyre ndi ku Mzuzu anathamangira kumaofesi a makhonsolo awo. Funso lawo linali limodzi: tidya chiyani? Pa 17 Epulo khoti lalikulu linaimitsa kubindikirako bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC litakadandaula, ndipo mfundo yaikulu inali yoti boma silinakonze chothandizira osauka.

Thandizo la K35,000 pamwezi kwa mabanja ovutika a m'mizinda inayi linalonjezedwa nthawi yomweyo, koma ndalama zinayamba kufika m'mafoni mwa anthu mu 2021. Kalembera wake anadalira makhonsolo a mizinda ndi atsogoleri a m'madera, omwe amadziwa kuti m'nyumba ya lendi iyi muli nkhalamba yolera zidzukulu, umu muli mnyamata wa kabaza yemwe makasitomala amuthawa. Apa mizinda inatengera luso kwa makhonsolo a maboma, omwe akhala akuyendetsa Mtukula Pakhomo kwa zaka zambiri.

Makhonsolowo nawo anali pa njala yawo. Ndalama zomwe amatolera okha zimachokera ku ziphaso za m'misika, m'madepoti ndi m'mabizinesi. Malonda atazilala, thumba linaphwa pa nthawi yomwe sopo, kolorini ndi mafuta zinkafunika kuposa kale.

Januwale wa maliro

Pa 12 Januwale 2021 nduna ziwiri zinamwalira tsiku limodzi: Sidik Mia wa zamtengatenga ndi Lingson Belekanyama, yemwe anali nduna ya maboma aang'ono, kholo la makhonsolo onse. Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Bwalo la Bingu ku Lilongwe ndi nyumba ya boma ya ku Zomba zinasanduka zipatala. Misika inalamulidwa kutseka 5 koloko madzulo, malo omwera mowa 8 koloko, ndipo misonkhano inachepetsedwa kufika anthu 50.

Palibe wapolisi angawerenge anthu pamaliro a kumudzi. Amene amapereka manda ndi mfumu, okumba ndi adzukulu, ophika ndi amayi a m'mudzi, ndipo mwambo umatsogoleredwa ndi mpingo kapena mzikiti. Lamulo la anthu 50 linagwira ntchito m'midzi momwe nyakwawa anaimirira pakati pa anthu ake n'kunena kuti maliro aikidwa lero lomwe, nsima siphikidwa, olira alire atatalikirana. Anali mawu owawa kuwalankhula kwa mbale wako. Mafumu ambiri anawalankhula, ndipo sitinawathokoze mokwanira.

Mmalawi akamwalirira m'tauni, abale amafuna akagone kwawo. Thupi lochoka kuchipatala cha Kamuzu Central kupita ku Ntcheu kapena ku Rumphi linkafuna kuti azaumoyo a maboma awiri adziwitsane galimoto isananyamuke, kuti kumudziko likapeze anthu ovala zodzitetezera. Foni imodzi yokha inkasiyanitsa maliro aulemu ndi mkangano wa pamanda.

Bala la K6.2 biliyoni

Nkhani ya makhonsolo pa Covid-19 ili ndi chipsera chomwe sitingachibise. Kafukufuku wa momwe K6.2 biliyoni ya mliri inayendera, yemwe anatuluka mu Epulo 2021, anaonetsa ndalama zambiri zitathera m'maalawansi ndi m'kugula katundu mosatsata ndondomeko, m'maunduna ndi m'makhonsolo momwe. Izi zinkachitika odwala akusowa mpweya. Mabwanamkubwa ndi akuluakulu a makhonsolo ambiri anaimitsidwa pantchito, ndipo bungwe la makhonsolo onse la MALGA linatengera nkhaniyo kukhoti.

MALGA ili ndi mfundo yomveka yomwe yakhala ikunena kwa zaka: makhonsolo amapatsidwa ntchito yambiri, ndalama zochepa, ndipo zimafika mochedwa. Izi n'zoona. Koma n'zoonanso kuti anthu anataya chikhulupiriro, moti Amalawi ambiri, a kuno ndi a kunja, anasankha kuponya ndalama zawo m'thumba la nzika wamba lomwe Stanley Onjezani Kenani ndi anzake anayambitsa, chifukwa ankaona tsiku ndi tsiku zomwe zagulidwa ndi chipatala chomwe zapita. Mphamvu yomwe makhonsolo anaonetsa poimira akuluakulu awo ikufunikanso podzudzulana okhaokha ndi popachika pa bolodi la ofesi ndalama iliyonse yomwe yalowa ndi kutuluka.

Kusowa kwa chikhulupiriro kunaonekeranso pa katemera. Woyamba, wa AstraZeneca wokwana 360,000, anafika pa 5 Marichi 2021. Mu Meyi boma linatentha katemera 19,610 yemwe anatha mphamvu anthu akuzengereza chifukwa cha mphekesera. Zinthu zinayamba kusintha azaumoyo a m'maboma atasiya kudikirira anthu kuchipatala n'kutengera katemerayo m'misika, m'mipingo ndi pabwalo la mfumu, mfumuyo n'kuyamba kupinda malaya.

Kolera ndi zimbowera za pa Chilwa

Mvula ikakuona litsiro sikata. Covid-19 isanazilale, namondwe wa Ana anagumula zimbudzi ndi zitsime kumwera, ndipo mu Marichi 2022 kolera anapezeka pachipatala cha boma la Machinga. Anayenda ndi asodzi ndi amalonda m'mphepete mwa nyanja mpaka Nkhata Bay ndi Karonga, analowa Blantyre ndi Lilongwe, n'kufika maboma onse. Anthu pafupifupi 59,000 anadwala ndipo oposa 1,700 anamwalira, mliri wa kolera woopsa kuposa wina uliwonse m'mbiri ya dziko lino. Kampeni ya Tithetse Kolera inakhazikitsidwa kwa Mgona ku Lilongwe mu Febuluwale 2023, ndipo mwezi wotsatira kunabwera namondwe wa Freddy.

Amene akufuna kumvetsa chifukwa chomwe makhonsolo ayenera kugwirana manja apite ku nyanja ya Chilwa. Nyanjayi ndi ya Zomba, Machinga ndi Phalombe, ndipo kuvuma kwake ndi ku Mozambique. Asodzi amakhala milungu m'zimbowera, tinyumba toyandama pamadzi, kumwa madzi omwewo, kudzithandiza momwemo. Msodzi wa ku Phalombe atha kudwalira pakati pa nyanja, anzake n'kumukocheza pa Kachulu ku Zomba, nsomba zake n'kukagulitsidwa ku Machinga. Wodwalayo ndi wa boma liti?

Mu 2016 maboma atatuwa, mothandizana ndi unduna ndi bungwe la madotolo la MSF, anapereka katemera wakumwa wa kolera kwa anthu a panyanjayi nthawi imodzi. Asodzi a m'zimbowera anapatsidwa katemera wachiwiri kuti akamwe okha pamadzi pomwepo. Zinatheka chifukwa nyanjayo inatengedwa ngati mudzi umodzi. Nzeru zotere zimachokera kumaboma, monga momwe Chipatala Cha Pa Foni chinayambira ku Balaka mu 2011 chisanafalikire dziko lonse n'kudzathandiza pa Covid-19.

Zokonzeratu kukadali bata

Covid-19 inapha Amalawi oposa 2,600. Mu 2023 nyumba ya malamulo inavomereza lamulo latsopano la ngozi zogwa mwadzidzidzi, lolowa m'malo mwa la 1991, lomwe likutsindika kukonzekera ngozi isanagwe. Lamulo pa lokha silithira mafuta mu ambulansi. Chofunika n'chakuti makhonsolo oyandikana agwirizane kukadali bata: ambulansi ya Neno ikafa, ya Mwanza inyamula wodwala ndipo mafuta alipira uje, kolorini akatha ku Salima, Nkhotakota ibwereka, msika wa m'malire ukatsekedwa, utsekedwa mbali zonse tsiku limodzi. Pakhalenso thumba la mliri pa khonsolo iliyonse, loti khansala, mfumu ndi munthu wamba atha kuliwerenga. Akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako.

Mabasi a ku Joni akulowabe pa Mwanza sabata iliyonse, ndipo m'basi iliyonse muli a ku Mangochi, a ku Machinga ndi a ku Mzimba. Tsiku lina imodzi idzabweranso ndi matenda omwe sitikuwadziwa dzina. Tsiku limenelo wazaumoyo wa pachipata adzakhale ali kale ndi nambala ya mnzake wa ku Mangochi, mnzakeyo ali ndi mafuta, mlangizi wa kumudzi ali ndi njinga yoyenda, ndipo wobwera kuulendoyo adzapeze madzi, chakudya ndi pogona, kuti asadzaonenso chifukwa chothawira.